Wosesa Amene Anaimitsa Mashini Onse

Pafakitale yathu yosoka mayunifolomu a sukulu pali mayi wina timamutchula kuti Nachoko. Anabwera zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, mwana kumsana, tsache m'manja, sukulu analekezera sitandade faifi ngati ine ndemwe. Ntchito yake inali kusesa tizidutswa ta nsalu pansi pa mashini, ife osoka tikungokweza mapazi osamuyang'ana n'komwe.

Chaka chatha kunabwera manijala watsopano, wa magalasi ndi nsapato zosalira poyenda. Anati m'mawa uliwonse tiziima mozungulira kwa mphindi khumi, aliyense anene chimene chikumutayitsa nthawi. Anamanganso chingwe chofiira pamwamba pa mzere wa mashini, kumapeto kwake belu. Akuti ukaona cholakwika ukoke, onse aime, tikonze pomwepo. Akoke ndani? Kuti anthu makumi atatu akutembenukire? Ife malaya olakwika tinkangowalowetsa pansi pa mulu, nyimbo ili pakamwa.

Koma mayi uja anazitenga ngati wazimva kutchalitchi. Anatola choko cha odula nsalu n'kuyamba kujambula pansi: apa dengu la ulusi, apa bini ya zinyalala, apa podutsa anthu. Mpaka kuwerenga maulendo anga! Pamsonkhano wam'mawa anati, "Achemwali awa amapita kusitolo kakhumi ndi kawiri patsiku kukatenga mabatani. Bwanji mabataniwo abwere pafupi?" Anabweradi pafupi. Anthuni, maulendo amenewo ndi omwe ndinkatolera nkhani za fakitale yonse. Dzina la Nachoko ndinamupatsa ndine, tsiku lomwelo.

Ndiye Lachiwiri lina tikusoka malaya a kolala yobiriwira. Patani yake, pepala lotsatira podula nsalu, anadula manijala mwiniwake, kuti tione kuti nayenso amatha. Tonse tinaona kuti thumba likugwera kumanja m'malo mwa kumanzere. A Sizasi, telala wamkulu amene akhala akudikira ukapitawo kuyambira tsitsi lili lakuda, anandinong'oneza: "Mlongo, tseka pakamwa. Tisoke mazana awiri, aone manyazi ameneyu."

Mwadzidzidzi belu ngee! Mashini onse zii. Nachoko ali chilili, tsache kukhwapa, chingwe m'manja.

"Iwe, wapenga?" anatero a Sizasi. "Chingwe n'cha osoka. Mawa ukasesa kwanu."

Nachoko sanasiye chingwecho, ndinamuona ndi maso angawa, chonsecho kunyumba ana atatu amadyera tsache lomwelo. Manijala anatuluka mu ofesi nkhope ili gwa.

"Wakoka ndani?"

"Ndine, bwana. Thumba lili mbali yolakwika."

"Walakwitsa ndani?"

Tonse maso pansi. Ine ndinayamba kumumvera chisoni Nachokoyo, pang'ono pokha.

"Amene anadula patani, bwana," anayankha Nachoko.

Bamboyo ananyamula malaya, kuwatembenuza, kuwayerekeza ndi chitsanzo chimene asukulu anatumiza. Kenako anafunsa, "Asokedwa angati?"

"Khumi ndi anayi, bwana," anatero Nachoko.

"Enanu simunaone?"

A Sizasi anayamba kufunafuna chinachake m'kabati yopanda kanthu.

Mwezi usanathe, Nachoko anavala gawuni yabuluu ya ukapitawo. Munthu wosadziwa ngakhale kulowetsa ulusi m'singano ya mashini! A Sizasi mutu unawagwira masiku atatu, akazi awo ndiwo anabwera kudzapepesa kuti bambo sabwera kuntchito.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mayiyu sanyada. Bola akananyada, tikanapeza pomujeda. Amayenda mzere wonse, kuima pa munthu aliyense: "Achemwali, chikukuvutani n'chiyani lero?" Ukamuuza, amakonzadi. Sabata yatha ndinadandaula za mpando wanga wogwedera, kungofuna kumuyesa. Kutacha ndinaupeza wakhomedwa misomali, ataikapo ndi kakhushoni. Ndinakhalapo tsiku lonse mtima ukuwira, msana osapweteka ngakhale pang'ono.