Chiboliboli Sichilira

Anzanga, Thaddeus ndinakumana naye pamsewu wa oyenda pansi ku Venice, m'mphepete mwa nyanja. Ndinkagulitsa mango oduladula, maso ali uku ndi uku kuopa apolisi, poti ndinalibe chilolezo.

"Iwe, wauma chonchi ngati mtengo bwanji?" anandifunsa akuseka, atabereka gitala.

"Ndikuopa."

"Kuumako kungakudyetse, mwana iwe. Dzina ndani?"

"Araceli."

Anandiphunzitsa kukhala chiboliboli. Amandipaka penti wasiliva kuyambira kumaso mpaka kuzala, ndimakwera pabokosi, iye nkumaimba pambali. Lamulo ndi limodzi: chiboliboli sichiyankhula, sichisuntha, mpaka munthu ataponya kenakake m'chipewa. Ukasuntha pachabe, anthu amabalalika.

Ndinasiya mango. Ndinachoka kwa azakhali anga komwe ndinkakhala, iwo akundiuza kuti ndikatuluka ndisadzabwerenso. Ndinakakhala m'vani yake, galimoto yomwe ankagonamo...

Ankandichotsa penti kuseri kwa makutu ndi mafuta a kokonati, pang'onopang'ono. Koma ine nkhawa osatha. Nanga vani akaikoka apolisi? Nanga akatopa nane?

"Umaganiza kwambiri, Celi. Idya."

Loweruka lapitali, anthu atadzaza, kunabwera Juniper, mtsikana wogulitsa mikanda pafupi ndi oimba ng'oma. Anaima ndi Thaddeus kumbuyo kwa bokosi langa.

"Wamuuza?" Juniper ananong'ona.

"Ndimuuza, usandifulumize. Mwezi ukatha, iwe ndi ine ulendo wa ku Oregon, kutali uko."

"Iii Tad, akumvatu!"

"Ali pantchito. Sangasunthe ameneyu, ndinamuphunzitsa ndekha."

Anzanga!!

Kutsogolo kwanga kunali kamwana kakunyambita ayisikilimu, kakundiyang'anitsitsa kuti kaone ngati ndingaphethire. Mkono wanga uli m'mwamba. Ndinafuna kukuwa, kudumpha, kumugenda Thaddeus ndi chipewacho... koma ndikanagona kuti? Bokosi ndi lake, penti ndi wake, vani ndi yake.

Bambo a kamwanako anaponya kandalama. Ndinawerama, ndinamwetulira, ndinakagwira chanza. Anthu anaomba m'manja.

Mpaka lero sanandiuze. M'mawa uno wandipakanso penti akuimba mluzu, ine nditatukula chibwano kuti apake bwino pakhosi. Ndikuopa kumufunsa, mwina anganyamuke lero lomwe.

Musamaike pogona ndi podyera panu m'manja omwe mwaikamo mtima, anzanga. Mwezi ukutha, ndipo ine kolowera sindikukuona.