Miyala ya Kampango

Chaka chimene anaganiza zomanga msika wa khoma ku Chipyela, amuna anga anali ku Joni, akutumiza mabulangete m'malo mobwera okha. Ine ndinali ku Yofu, pa chilumba chathu cha Likoma, ndi ana komanso apongozi aamuna, nkhalamba imene mawondo ake anali atakana kale bwato. Ndiwo zathu zinkachokera pa miyala ya m'madzi kumunsi kwa nyumba, pamene kampango amaswera ndi kulondera tiana take. Apongozi ankatchera miono pamenepo, madzi akuwalekeza m'chiuno, ndipo kondowole sitinkadyera mchere wokha.

Kenako kunabwera bambo wa mapulani wochokera ku boma. Anayenda m'mphepete mwa nyanja nsapato zili m'manja, nati miyala yathuyo ndi yosalala, yabwino kumangira, komanso yosavuta kukweza m'bwato. Anali ataganizira misewu, zimbudzi ndi pokocheza ngalawa, koma za nsomba ayi. Wapampando wa chitukuko analamula kuti mayi aliyense akavuule miyalayo.

Ine ndinakwera kuphiri. Likoma yense ndi miyala yokhayokha, mbuzi zimachita kupunthwa nayo, ndiye munthu n'kukaifunanso m'madzi? Ndinasenza ya kumtunda, wapansi mpaka ku Chipyela, khosi likuchita kulira. Anzanga ankandinong'oneza kuti chitukuko sakana, ndidzawoloka nyanja ndili m'maunyolo. Mantha ndinali nawo, sindinama, koma mkwiyo unaposa.

Wapampando anandiimika pamaso pa anthu, nandifunsa ngati ndayamba kuukira boma.

"Ntchito ndagwira, bambo, mulu wanga ndi uwo," ndinatero. "Koma ya m'madzi ija ili ndi eni ake. Ine sindiigwira."

Anthu anayang'ana pansi. Sanandimange, koma miyala anaivuulabe, ena akulira chamumtima poponya m'bwato. Pasanapite nthawi miono ya apongozi inayamba kuvuuka ndi ndere zokhazokha. Nkhalamba inaikoleka pa mtengo wa mango, ndipo mpaka kumwalira kwake sinalowenso m'madzi.

Msika utatha, pogawa malo anandidumpha dala. Chinangwa changa ndinkagulitsira panja, padzuwa, zaka ndi zaka. Anzanga a m'kati ankandimvera chisoni, n'kumati ndisendeze lichero kufupi ndi khoma, ndikhale motsamira, poti pamenepo pali mthunzi. Ndinkaliyang'ana khomalo, miyala yakuda yosalala ija ili ndondondo m'simenti. Msana wanga sunalikhudzepo.