Hutala Katatu wa a Japhet Mulipa

Amene amati dalaivala wa lole aliyense ali ndi mkazi pa siteji iliyonse akatsuke kaye mkamwa asanatchule a Japhet Mulipa. Bamboyu anatsitsa mitengo ya paini kuchokera pamwamba pa phiri la Zomba kwa zaka makumi awiri ndi zinayi, lole ikubuula pa giya wani ngati ng'ombe yodwala. Akafika pa kona yomaliza ankaliza hutala katatu. A Mavis, akazi awo, akamva ali kunyumba kumunsi kwa phiri ankateleka madzi osamba, ana anayi n'kuthamangira kumsewu kukalanda masitiroberi amene bambo awo ankabweretsa m'chisoti.

Madalaivala anzawo ankawaseka kuti akamba. Anzawowo ankatsika phiri pa nyutulo, dizilo wotsala n'kukagulitsa m'zigubu. A Japhet ankangoti, "Phiri ili silikudziwa kuti ndili ndi ana. Ndikudziwa ndine."

Lachinayi lina mu 2016 a Mavis anamva hutala, koma osati katatu. Anali kulira mosalekeza, kenako zii. Mabuleki anali atatha, kutsogolo kuli amayi asanu ndi mitolo ya nkhuni pamutu. A Japhet anakhotetsera lole ku khoma la miyala. Amayiwo anapulumuka onse, a Japhet anafera pachiwongolero.

Ndiye mumve chipongwe. Bwana Benard, mwini malole, munthu wa mimba ngati ng'oma amene sanagwirepo sipanala chibadwire, anayamba kuuza anthu kuti mkuluyu ankatsika pa nyutulo, akuba dizilo. Bodza limathamanga kuposa minibasi ya ku Blantyre. Pofika tsiku loika maliro, nkhaniyo inali itazungulira msika wonse, ndipo Ella, mwana woyamba, anaimva kwa anthu amene ankadya nyemba za pa maliro a bambo ake omwe.

A Mavis anali pamphasa, nkhope yophimba, monga amakhalira namfedwa. Anamva woyendetsa mwambo akuti, "Tsopano alankhule oimira kuntchito." Anaona a Benard akukonza tayi, nkhata yamaluwa ili m'manja. Mumtima anati, uyu akangolankhula, ana anga akula ali ana a wakuba. Anadzuka. Alamu awo anawakoka chitenje, iwo anakutumula dzanjalo.

"Bwana, dikirani. A Saiti muli pati?"

A Saiti, makaniko wa kampaniyo amene anakakoka lole ija, anaimirira kumbuyo, kofiya akuifinya m'manja.

"Giya munaipeza pati?"

A Saiti anayang'ana abwana awo, abwana anawatong'olera maso.

"Osayang'ana uko, achimwene. Mwamuna wanga ali m'bokosimu. Giya munaipeza pati?"

"Pa wani, alamu. Tinachita kuimenya ndi hamala kuti ichoke."

"Nanga za mabuleki anakuuzani kangati?"

"Katatu. Ndinakanena kwa abwana. Anati lole imalize kaye maulendo a sabata ino."

"Mayi, pano si pabwalo la milandu," anatero a Benard. "Ndabwera kudzapepesa ine."

"Pepesani kwa amene munawauza kuti ndinakwatiwa ndi mbava. Yambirani kumsika. Maluwawo mukaike pa lole yanu, ndi imene mukuilira."

Palibe anawaletsanso. Mmodzi mwa amayi a nkhuni aja anakaima pambali pa a Mavis, anzake n'kutsatira. A Benard anayang'ana uku ndi uku kufuna wowaikira kumbuyo, koma ngakhale madalaivala awo anali maso pansi. Anachoka ndi nkhata yawo, nsapato zikuterereka m'matope. Pa mbiri ya malemu anawerenga kuti a Japhet anafa populumutsa anthu asanu, ndipo Ella anadzutsa mutu.

A Saiti anawachotsa ntchito Lolemba lake, nanga munthu ngati Benard angachitenso chiyani? Lero amakonza magalimoto pansi pa mtengo kufupi ndi depoti.

Madalaivala aja, manyazi atawagwira, anayamba kuliza hutala katatu pa kona ija, ati ulemu. A Mavis anapirira sabata imodzi, kenako anakawadikira pamsewu.

"Munali chete akumunyoza. Hutala ameneyo anali wanga ndi ana anga. Musadzayerekezenso."

Mpaka lero malole amadutsa pa kona imeneyo mwakachetechete, ndipo ambiri pa giya wani.