Tsiku limene ndinamanga lamba thumba la mtedza

Galimoto yathu tinaigula yakale, eni ake oyamba ataikhuta, koma ine ndinkaiyendetsa ngati yangotuluka kumene m'pepala. Bambo a ana anga nthawi zambiri amakhala ali pa ulendo wa geni, lero kuno mawa kutsidya kwa malire, ndiye chiwongolero chinagwera ine. Ndinaphunzira kuyendetsa nditakula, ndipo munthu wodziwa chinthu mochedwa amachigwira ndi manja awiri. Malamulo onse amene anandiuza pophunzirapo ndinawameza osatafuna. Lalikulu linali la lamba: galimoto yanga sinyamuka mpaka aliyense atamanga.

Nthawi imeneyo ndinali ndi ana awiri, mnyamata wa kusukulu ya mkaka ndi kamtsikana koyamwa. Kamtsikanako ndinakagulira kampando kake pa kaunjika pa Boma, kaja komangirira kumpando wakumbuyo. Wogulitsayo sankadziwa n'komwe ntchito yake, ankati n'kodyetserapo mwana phala. Mnyamatayo ndinamupezera kakhushoni kolimba komukweza pang'ono kuti lamba asamamudutse pakhosi. Ndikaima pamsika anthu ankasuzumira pawindo n'kumaseka kuti khanda lakhala ngati bwana wa kuofesi. Sindibisa, zinkandikomera.

Akulu anga, amene ine ndinawaponda pamutu, anatsala kumudzi kwa Zulu. Amalima mtedza ndi soya, ndipo salankhula zambiri. Mwana wawo womaliza, mtsikana wongoyamba kumene sukulu, ankajomba nyengo yonse ya dzinja chifukwa dambo la panjira likadzadza mwana wamng'ono sawoloka. Ndinawapempha kuti ndimutenge azikaphunzira pa Boma, kumene ife timakhala. Anakana kaye. Anandiuza mosapsatira kuti aonapo ana ambiri otengedwa ndi abale a m'tauni akukasanduka otsuka mbale ndi olera makanda a eni nyumba. Mawu amenewo anandipweteka, ndipo ndinakwiya. Ndinalumbira kuti mwana wawo ndi wanga yemwe, adzadya zimene anga akudya, adzagona pamene anga akugona, sipadzakhala kusiyanitsa. Kenako anavomera.

Ndinapita kukamutenga, ndili ndi ana anga awiri, Loweruka lina sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira, nthawi ya fumbi ija imene mphepo imakulowetsa mchenga m'mano. Nditangoimitsa galimoto pansi pa mtengo wa mango, ana a pamudzi anaizungulira. Anayamba kundichonderera kuti ndiwayendetseko, ngakhale kungofika pamjigo n'kubwerera. Ndinakana. Ndinati kumbuyo kuli malo atatu ndi malamba atatu, ndipo sindinganyamule chigulu cha ana osamanga. Alamu anga, amuna a akulu angawo, anaseka n'kunena kuti galimoto sidzadza, nanga m'minibasi za ku Lilongwe ana samakhala pamiyendo ulendo wonse n'kukafika bwinobwino?

Pamenepo anandiputa dala. Ndinalalikira mpaka thovu kukamwa. Ndinawauza kuti mwana wapamiyendo ndi amene amayamba kuvulala, kuti woyendetsa akaponda buleki mwadzidzidzi manja a munthu wamkulu sangamugwire, amangofwamphuka n'kutulukira pagalasi lakutsogolo. Ndinatsegula chitseko n'kuwaonetsa kampando kaja, mmene kamamangidwira, mmene kamatsekera. Amayi ena anagwedeza mitu, ena ndikudziwa kuti mumtima ankati matama a anthu a pa Boma. Akulu anga anali pakhonde akupeta mtedza m'lichero, osatukula mutu. Nditamaliza anangofunsa funso limodzi, ngati kansalu kopyapyala ngati kameneko kamagwiradi munthu. Ndinawatsimikizira kuti kamagwira.

Lamulungu masana, titaweruka kutchalitchi, tinayamba kulongedza. Kwathu mlendo sabwerera chimanjamanja, ndipo kukana mphatso n'kutukwana. Uyu akubwera ndi maungu, uyu mbatata, uyu chinangwa, wina nkhuku yomanga miyendo. Ine ndinali nditagula kale thumba la makala m'mawa, poti kumudzi amatchipa, ndipo linatenga theka la buti. Chikwama cha mwana uja tinachita kupanikiza. Kenako anatulukira azakhali athu, achemwali a malemu bambo, atavala kale za paulendo. Bondo linkawavuta ndipo ankafuna kukalawirira kuchipatala pa Boma. Azakhali sungawauze kuti malo atha. Ndinawatsegulira kutsogolo.

Ndikuti tsopano tatha, ndinaona alamu akubwera atasenza thumba lina paphewa, akuwerama nalo. Unali mtedza wa chalimbana woswa kale, wosankhidwa bwino, wopanda wofumbwa ndi umodzi womwe. Akulu anga anakhala akuuswa ndi manja kwa masabata, mpaka zala zinachita matuza. Ndinadziwa tanthauzo lake. Mwana sapita kukakhala kwa ena manja ali lende, ngakhale kwa mayi ake aang'ono. Thumba limenelo linali mawu awo oti sakunditayira mwana, akuthandiza nawo kumudyetsa. Kulisiya sikukanatheka. Ndiponso ndisaname, mtima wanga unali utalilandira kale, ndikuona nsinjiro ndi chiponde cha miyezi ingapo.

Kubuti linakana kulowa. Alamu analikweza pampando wakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Mbali ina kunali khanda m'kampando kake, pakati mnyamata wanga pakakhushoni kake, onse nditawamanga kale. Nditayang'ana ndinaona kuti thumbalo lapendekera kwa mnyamatayo. Msewu wotuluka m'mudzimo ndi wa maenje okhaokha, ndipo ndinaopa kuti tikagwera m'dzenje limodzi limugwera n'kumupsinja. Ndiye ndinakoka lamba, n'kulizunguliza thumbalo, n'kutseka. Ndinakokanso kawiri kuyesa ngati wagwira. Anagwira bwino kwambiri.

Nditatembenuka ndinapeza mwana wa akulu anga waima pambuyo panga, atavala diresi lake la kutchalitchi, nkhope ili phuliphuli ndi mafuta, akudikira kuuzidwa pokhala.

“Iwe ukhala kutsogolo, pamiyendo pa agogo,” ndinatero. “Si patali.”

Anathamanga mosangalala. Kwa iye kukhala kutsogolo unali ulemu waukulu. Azakhali anamukweza n'kumukumbatira ndi manja awiri. Ine ndinayamba kutsanzika anthu, makiyi ali m'manja. Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti sindinaganize n'komwe. Ndikanakhala kuti ndinayeza mumtima n'kusankha molakwa, bwenzi ndikunena kuti ndinapanikizika. Koma ayi. Manja anga anangodziwa okha ana oyenera kumangidwa, ndipo iye sanali m'gulumo.

Akulu anga sanabwere kudzandigwira dzanja. Anazungulira galimoto pang'onopang'ono, akusuzumira pawindo lililonse. Anaona khanda, anaona mnyamata, anaona thumba. Atafika kutsogolo anaima.

“Dzulo unati wapamiyendo amatulukira pagalasi,” anatero, osakweza mawu. “Nanga uyu satuluka?”

Ndinayamba kudzikanira. Ndinati ndiyenda pang'onopang'ono, ndinati ulendo wake ndi waufupi, ndinati Lamulungu pamsewu sipakhala magalimoto ambiri. Anandisiya ndimalize.

“Ndiye thumbali walimangiranji?”

Yankho ndinali nalo, koma linali loipa kuposa kukhala chete. Ndikanati chiyani? Kuti ndalimanga kuti lisapweteke mwana wanga? Anthu onse amene ndinawalalikira dzulo lake anali pomwepo. Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa. Alamu anayamba kuyang'anitsitsa tayala ngati laphwa.

Akulu anga anatsegula chitseko chakumbuyo n'kuyamba kukoka lamba uja kuti amasule thumbalo. Sankadziwa pomasulira. Ndinatambasula dzanja kuti ndidine kabatani kofiira, koma anandiletsa. Anati ndingowalozera, achita okha. Ndinawalozera. Anadina, lamba anabwerera, iwo n'kulikokera pansi thumbalo lokha, thumba limene alamu anabwera nalo akuwerama. Kenako anapita kutsogolo n'kutsitsa mwana wawo pamiyendo pa azakhali.

Anaima naye atamugwira dzanja, atayang'ana kunyumba kwawo. Ndinadziwa kuti mumtima mwawo akuganiza zobwerera naye. Akanalowa naye m'nyumba, palibe akanawadzudzula. Mwanayo nayenso anazindikira kuti ulendo wake ukufuna kulephereka, ndipo anayamba kusisima, akuyang'ana chikwama chake chimene chinkaonekera pagalasi lakumbuyo. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Kwa ine inali yaitali.

Kenako anamunyamula n'kumukhazika pamene panali thumba. Anakoka lamba okha, n'kuvutika kulowetsa kachitsulo mpaka kanalira. Lambayo anamudutsa mwanayo pakhosi, poti ndi wamfupi. Anayang'ana kakhushoni kamene mnyamata wanga anakhalira, n'kundiyang'ana ine. Ndinali ndikudziwa kwa mwezi wathunthu kuti ndidzanyamula mwana wachitatu, koma kakhushoni kachiwiri sindinagule. Anavula chitenje chapamwamba, anachipinda kangapo, n'kumuyalira kuti akwere pang'ono. Anamanganso, n'kumupukuta misozi ndi chala.

Ndinati nditsitse makala anga kuti mtedza ulowe kubuti. Ndinali wokonzeka kutsitsa chilichonse, ngakhale nkhuku ndi maungu omwe.

“Makala ako pita nawo,” anatero. “Mtedza ubwera.”

Tinanyamuka ulendo wobwerera. Azakhali, mwina pofuna kundipepuza, anafotokoza za bondo lawo kuyambira kumudzi mpaka pa Boma. Ine maso anali pakagalasi koonera kumbuyo. Mwana uja anali ataiwala kale zolira, akuwerenga ngolo ndi njinga zimene tinkapitirira, dzanja limodzi litagwira lamba pachifuwa. Lolemba m'mawa, nditasiya azakhali kuchipatala, ndinazungulira kaunjika yense mpaka ndinapeza kakhushoni kena.

Loweruka lotsatira akulu anga anabwera okha pa kabaza wa njinga yamoto, thumba lija litamangidwa kumbuyo, iwo atapanikizika pakati, fumbi mpaka m'nsidze. Ine ndinali nditakonzeka. Ndinakolopa nyumba yonse, ndinayala bedi la mwanayo ndi zofunda zatsopano, yunifolomu yake ndinaisita n'kuipachika poonekera. Ndinkafuna aone ndi maso awo kuti sindinaname. Anatsitsa thumbalo pakhonde, anandiyankha moni, koma m'nyumba sanalowe. Anaitana mwana wawo n'kupita naye pamene panaima galimoto.

“Umakhala pati?” anamufunsa iyeyo, ine ndili chiimire pomwepo ndi makiyi.

Ndinatsegula. Mwanayo anakwera, anakhala pakakhushoni kake, anakoka lamba n'kudzimanga yekha monyadira. Akulu anga anagwira lambayo n'kumukoka mwamphamvu, ngati mmene amayesera chingwe cha mbuzi asanaisiye kudambo. Anayang'ana pamene akudutsa paphewa. Anati chabwino. Pamenepo m'pamene analowa m'nyumba n'kumwa tiyi. Bedi lija analiona mongodutsa.

Mwanayo adakali nafe, ndipo sukulu akukhoza. Mtedza umabwera chaka chilichonse, woswa kale, wosankhidwa. Ine ndi akulu anga sitinayambane, nkhani ija sanaitchulenso, timaseka limodzi pamaukwati ndi kulira limodzi pamaliro. Koma akaimba foni amandifunsa za bambo a kunyumba, za khanda lija limene tsopano likuthamanga, za mvula ya pa Boma. Akafika pofuna kudziwa mmene mwana wawo akukhalira, ine sandifunsa. Amangoti, “Tampatse foniyo.”