Kagalimoto Konjenjemera

Amuna anga ali ndi kagalimoto kofiira, kakafupi, kamene anaitanitsa ku Japan tisanakwatirane. Ine ndinakapeza kale pakhomo, choncho ndimati iko ndi mkazi wamkulu, ine ndine wamng'ono. Loweruka m'mawa kankayamba kusamba ndi iko, ife pambuyo. Ndi kagalimoto ka liwiro, ka anthu okonda kumva injini ikulira. Pa msewu wochoka ku City Centre kupita ku Area 10, kumene tinkachita lendi kanyumba kakuseri mumpanda wa eni ake, amuna anga ankaponda moto mpaka ine kugwira chitseko. Ndinkadandaula, koma pansi pa mtima ndinkakakonda ndithu, chifukwa kankandisiya pa Capital Hill anzanga akadali pa siteji kudikira basi.

Chaka chimene apongozi anga, mayi awo a amuna anga, anadwala, kagalimotoko nakonso kanayamba vuto lake. Akasintha giya, pansi pa boneti pankamveka kugunda. Amuna anga anati ndi mamaunting'i, timipando tachitsulo tokhala ndi labala m'kati, timene injini imakhalapo kuti isamagwedeze galimoto yonse. Labalayo anali atang'ambika. Anazungulira mashopu a masipeyala ku Old Town, anafunsa ngakhale amalonda a kufupi ndi Msika wa Tsoka amene amati palibe chimene sangapeze, koma aliyense ankangoyang'ana chithunzi pa foni n'kupukusa mutu. Mtundu wa kagalimotoko ndi wosowa mu Lilongwe muno.

Ndiye anakatola nzeru pa intaneti. Tsiku lina poweruka anabwera ndi machubu a guluu wakuda womatira galasi lakutsogolo la galimoto, amene iwo ankamutchula monyadira kuti yuretheni.

"Uyu ndikamuthira m'maenje a labala muja n'kuuma, basi nkhani yatha," anatero. "Komanso ndi apugiredi, kakhala koposa kale. Injini sizidzasunthanso, mphamvu yonse izidzapita ku matayala."

"Nanga kale inkapita kuti?" ndinafunsa.

Anakweza galimoto pa jeke, injini anaichirikiza ndi thabwa, n'kumasula mamaunting'i onse. Anawatsuka ndi sopo wanga wotsukira mbale, anawayanika pamwamba pa khoma, kenako anamata mbali imodzi ndi seloteipi. Atatero anayamba kufinyira guluu uja m'maenje pang'onopang'ono ndi kamfuti ka silikoni, uku akutokosa ndi kawaya kuti musatsale mpweya. Guluuyo anawadetsa manja mpaka m'zikhadabo, sopo aliyense analephera. Zitsulozo anaziyala pa nyuzipepala pakhonde kuti ziume, ndipo fungo lake linalowa mpaka m'makatani. Masiku amenewo tinkakwera minibasi, iwo m'mawa uliwonse akumadina guluu ndi chala ngati munthu wofuna kudziwa ngati peyala lapsa.

Tsiku limene anabwezeretsa zonse, analiza injini ine ndili m'khitchini, ndipo ndinamva mawindo a nyumba akuyankhira. Anandiitana kuti ndidzayese. Chiwongolero chinkanjenjemera, makiyi ankalira, ndipo kunjenjemerako kunkakwera kuchoka kumapazi mpaka m'mano. Galimoto ikamathamanga zinkachepako, koma ikaima injini ili chilirire, unkangomva ngati wakhalira thumba m'chigayo. Amuna anga ankangomwetulira. Kugunda kuja kunali kutatheratu, ndipo akangoponda pang'ono kagalimoto kankadzuka nthawi yomweyo. Anzawo okonda magalimoto anabwera kudzaona, anazungulira boneti, anawayamikira kuti ndi akatswiri. Za kunjenjemerako anati ndi vaibureshoni pang'ono chabe, zidzakhazikika zokha.

Pasanapite nthawi apongozi anafika kuchokera kumudzi, kuseri kwa Malingunde. Khansa inali italowa m'mafupa a msana, ndipo madokotala a kuchipatala chachikulu anati azibwera pafupipafupi kudzalandira mankhwala a m'diripi. Anati akapitiriza osadukiza ululu uchepa, ndipo atha kukhala nafe nthawi ndithu. Chiyembekezo chathu chonse chinali pamenepo. Apongozi anali mayi wamtali, wosalankhulalankhula, amene amuna awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anamulera ndi khasu. Ine ankanditcha apongozi, ndipo ankandilemekeza mpaka ndinkachita manyazi. Ndikawapatsa madzi ankalandira ndi manja awiri.

Ulendo woyamba wa kuchipatala ndinapempha tchuthi kuntchito n'kukhala nawo kumbuyo. Tinawaikira mapilo. Amuna anga atangoliza injini, apongozi anawongoka n'kugwira mkono wanga. Pa mzere wa magalimoto wa m'mawa, pamene umaima, n'kusuntha pang'ono, n'kuimanso, zala zawo zinkalowa m'mnofu mwanga. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo pamene kunja kunali kuzizira kwa mu Juni. Milomo yawo inkayenda, ndipo ndinadziwa kuti akupemphera. Titafika anatenga nthawi kuti atsike, kenako anaomba m'manja pang'ono n'kunena kuti, "Zikomo abambo, mwatifikitsa."

Titabwerera kunyumba ndinawaitanira amuna anga kuchipinda.

"Galimoto ija ikuwapweteka amayi. Ikangoima, msana wawo ukumva zonse."

"Akuuzani okha?"

"Ndaona ndi maso anga. Taonani mkono wangawu."

Sanatsutse. Amuna anga si munthu wouma mtima, ndipo mayi awo amawakonda koopsa. Anatuluka n'kukagwada pafupi ndi mphasa imene apongozi ankakonda kugonapo pabalaza. Ine ndinaima pakhomo ndikumvetsera.

"Amayi, kodi galimoto ija ikukuvutani?"

Apongozi anaseka. "Ivute chiyani? Galimoto yabwino ngati ija? Ife tinazolowera ngolo, abambo. Wanena zimenezo ndani?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Anabwera kwa ine nkhope itamasuka. "Mwamva nokha," anatero. Ndinafuna kukuwa. Koma kwathu mkazi satsutsa apongozi ake pamaso pa mwana wawo. Ungayambire pati kunena kuti amayi akunama? Ndinameza mawu n'kupita kukatsuka mbale, ndipo ndinaswa kapu.

Mawa lake, amuna anga atachoka, ndinakhala pansi pambali pa mphasa ija n'kuwafunsa apongozi mwaulemu chifukwa chimene anabisira.

"Apongozi, mwanayu anakula akukankha galimoto yamawaya. Tsiku limene anabwera ndi iyi kumudzi ndinavina mpaka fumbi, mudzi wonse ukuona. Ndiye lero ndiwauze kuti ikundipha? Akonza okha, manja awo ndawaona mmene adera. Inu musanenenso."

"Koma amayi, msana wanu."

"Msanawu ndi wanga."

Ndinayesa njira zina. Mnzanga wa kuntchito ali ndi galimoto yoyenda mwakachetechete, ndipo anavomera kutithandiza. Apongozi anakana. Anati abale akamva kuti akunyamulidwa ndi anthu adera mwana wawo ali ndi galimoto pakhomo, adzati chiyani? Takisi anaikananso chimodzimodzi, ndipo minibasi sakanaitha n'komwe. Ndinabwereranso kwa amuna anga. Ndinalankhula mofatsa, ndinalankhula molusa, tsiku lina ndinawauza kuti asankhe pakati pa mayi awo ndi chitsulo chawocho. Anakwiya, komabe anakafunsanso, ndipo apongozi anayankha zomwe zija, n'kuwonjezera moseka kuti mwina ndine amene galimotoyo yandikwana. Pofuna kuti ndikhale chete, amuna anga anaitanitsa mamaunting'i atsopano kunja, koma katundu wa pa sitima amafika nthawi imene wafuna. Ndinafunsa ngati guluuyo sangachotsedwe. Anati akauma wauma, ukamukowa amachoka ndi labala yemwe, ndiye kuti galimoto yakhala pansi.

Choncho tinkapitabe. Ndinagula siponji yokhuthala ku Old Town n'kuidula kuti ikwane pampando. Ndinkapempha amuna anga kuti azizimitsa injini tikaima pa mzere, ndipo ankazimitsa, koma poilizanso inkagwedeza koposa. Ndinaphunzira kuwakumbatira apongozi chammbali kuti msana wawo utsamire pa ine osati pa mpando. Pobwerera, mankhwala ali m'thupi, ankasanza m'kabeseni mwakachetechete, kenako n'kupepesa kuti aipitsa galimoto ya abambo. Ine ndinkangoyang'ana nkhongo ya amuna anga, ndikudana nako kagalimotoko ndi mtima wanga wonse.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti mankhwalawo ankagwira ntchito. Masiku a pakati, pamene kunalibe ulendo, apongozi ankadzuka okha, ankadya, tsiku lina ndinawapeza akusesa pakhonde ndipo tinalimbana kulandana tsache. Ankandiseka kuti ndimaphika nkhwani ngati munthu wa mu ofesi. Koma tsiku la kuchipatala likamayandikira ankasiya kuseka. Chakudya chinkabwerera chosakhudzidwa, ndipo amuna anga ankati ndi mantha a singano.

M'mawa wina ndikukonza mapilo, apongozi anati sapita kuchipatala. Anati mankhwala awatopetsa, akufuna kwawo. Amuna anga anachonderera atagwada, anaitana abusa, anaimbira amalume awo kumudzi. Adokotala anati akasiyira panjira, matenda athamanga. Apongozi ankamvetsera aliyense mwaulemu n'kubwereza kuti atopa ndi kubayidwa. Pamene ndinkawasambitsa ndinawafunsa ngati ndi mankhwaladi.

"Mankhwala aja ndimawapirira, apongozi," anandinong'oneza. "Koma ndikangomva aliza galimoto ija panjapo, mantha amandigwira. Sindingathenso. Ndipo mukawauza, ine ndikananso."

Ndinawauza ndithu amuna anga. Anandiyang'ana ndi maso ofiira n'kunena kuti ino si nthawi yolimbana ndi galimoto. Mayi awo akukana mankhwala, ine ndikubweretsa za vaibureshoni. Ndinakakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi, n'kulira ndekha chifukwa cha mkwiyo. Anthu awiriwa ankakondana, ndipo ine ndinali pakati pawo ndi mawu amene palibe ankawafuna.

Amuna anga anati mayi awo akawatula okha kumudzi, ndipo apongozi anavomera, popeza kufika kwanu pa galimoto ya mwana wako ndi ulemu. Kutsogolo kwathu kunali tala pang'ono, kenako msewu wafumbi wautali, wa mabampu okhaokha. Tinalongedza katundu wawo m'mawa. Apongozi anavala duku loyera ndi chitenje chatsopano chimene ndinawagulira. Alonda a eni mpanda anatsegula geti n'kuvula chipewa. Ndinalowa kumbuyo n'kuwakolekera apongozi mkono wanga pamsana.

Amuna anga analiza injini. Anakweza maso kuti awaone mayi awo pa kagalasi koonera kumbuyo, koma kagalasiko kankanjenjemera moti munkangooneka zithunzithunzi. Anakagwira ndi dzanja kuti kakhazikike. Ndinaona maso awo m'menemo, ndipo iwo anaona zimene ine ndinakhala ndikuona maulendo onse aja: apongozi atatsinzina, ataluma nsonga ya chitenje, misozi ikutsika m'masaya. Anayang'ana choncho nthawi ndithu. Kenako anazimitsa injini.

Amuna anga anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, osatembenuka.

"Amayi," anatero. "Amayi, tiyeni tibwerere kuchipatala. Ndipeza galimoto ina."

Apongozi anachotsa chitenje chija m'kamwa, anapukuta nkhope ndi chikhatho, n'kukonza duku lawo.

"Ina yachiyani, iyi ilipo?" anafunsa. "Mwazimitsiranji, abambo? Tiyeni, dzuwa likukwera. Kumudzi akutidikira."

Amuna anga anandiyang'ana pa kagalasi kaja, kamene tsopano kanali phee, ngati kuti ine ndili ndi yankho. Anatembenuza kiyi, ndipo zala za apongozi zinagwira mkono wanga.