Mkamwini Amene Ankagumula Miyala Mumtsinje

Mukafunsa ku Khonjeni chifukwa chake kumudzi kwa a Vailet kulibe magetsi, akuuzani kuti anawathamangitsa ndi amuna awo, a Simeoni. Ena amati ootcha makala anawapatsa kangachepe. Ena, aja pakamwa pawo sipapuma, amati munthu amene wakalambira pa boyila ya fakitale ya tiyi sangakonde moto wopanda utsi. Zonsezo n'zabodza, koma bodza lake linawasamutsa pakhomo.

A Simeoni analowa m'mudzimo ngati mkamwini, ndi kachikwama kamodzi komanso chipsera chachikulu padzanja. Ntchito yawo inali yoponya zipika za bulugama m'boyila kuti tiyi aume. Chipseracho anachipata tsiku limene geji yoonetsa mphamvu ya nthunzi m'boyila inanama, nthunzi n'kuwalavulira. Msana utayamba kukana, esiteti ya tiyiyo inawatsanzika mwaulemu wake.

Ndiye kunabwera achinyamata a m'tauni, a nsapato zoyera zosadziwa dothi la Thyolo. Anati akukonza mapulani a magetsi a dera lonse mpaka m'tsogolo: uku sola, uku makina oyendera madzi, uku mawaya. Kompyuta yawo inkafuna kudziwa ngati mtsinje wa kumunsi kwa minda ya tiyi ungapukuse makina chaka chonse. Anazika ndodo ya manambala m'madzi, n'kupempha munthu woti aziijambula pa foni m'mawa uliwonse. Mkamwini wopanda ntchito ndiye anali pafupi.

M'dzinja zonse zinali bwino. Madzi anakwera, anthu n'kuyamba kugula mafiriji m'maloto. A Dickson, malume awo a Vailet, amene mbumba yonse imawamvera, anafika polambula malo a chigayo. Koma chilimwe chitalowa, mtsinje unayamba kuonda, ndodo ija n'kutsala pamtunda ngati munthu wosamba wobedwa zovala. A Dickson anatuma adzukulu awo kukaunjika miyala kumunsi kwa ndodo kuti madzi aime, akwere. Anati kompyuta ili ku Blantyre, miyala iiona bwanji?

M'mawa a Simeoni anapeza mtsinje wanenepa popanda mvula. Anaima nthawi yaitali. Magetsi ankawafuna iwonso: maso a akazi awo anali atafiira ndi utsi, nkhuni zake zotola mothamangitsana ndi alonda a esiteti. Koma dzanja lawo linkadziwa zimene geji yonama imachita. Anakwinya thalauza, n'kugumula miyala, n'kudikira madzi atsike, n'kujambula. Mawa lake miyala inabwerera. Anagumulanso.

A Dickson anawaitanira pansi pa mtengo wa peyala.

"Akamwini, munabwera kudzakwatira kapena kudzatiyezera madzi?"

A Simeoni anayankha chamunsi kuti makina omangidwa pa madzi abodza adzaima dzuwa likangopsa, ndipo akatero boma kapena bungwe silidzayang'ananso kuno. A Dickson anati zam'tsogolozo adzaziona eni dothi.

"Miyalayo muisiye. Mukakana, njira imene munadzera sinamere udzu."

A Vailet anachonderera amuna awo kuti angotsinzina mpaka mvula igwe. Anawakumbutsa kuti njerwa za nyumba anaumba okha, koma pansi pake ndi pa eni, ndipo ana sangawatsatire. Kutacha a Simeoni anatsetserekanso kumtsinje.

Achinyamata aja atabwerera, anafotokoza kuti mtsinjewo sungakwanitse makina, ndipo mudziwo auika m'gulu la sola, gawo lachiwiri. Gawo lachiwiri lidzafika liti, sananene. Anthu za sola sanazimve n'komwe, anangomva kuti makina kulibe. Sabata yomweyo a Simeoni anamangirira mphasa pa njinga, ana akuwayang'ana pakhonde.

Pano amakhala kwa mlongo wawo ku Thekerani, m'kanyumba kamene kale munkagona mbuzi. A Vailet amapitako pa kabaza, akunamizira maliro. Malo a chigayo aja anamera chisoso, ndipo ndodo ya manambala wina anaisandutsa mpini.

Tsiku la msika, wa kabaza wina wa pakamwa poyabwa anawafunsa pagulu ngati n'zoona kuti anadya za makala n'kuthamangitsa magetsi. A Simeoni sanatukule n'komwe mutu pa tcheni cha njinga chimene ankakonza.

"Magetsi sindinawathamangitse. Mumtsinjemo mulibe madzi. Mitengo ya kumtunda tinaotcha tonse, ine ndi a Dickson omwe."