Nkhope ya Malemu Twumasi

Mayi Afrakoma akhala akusindikiza zithunzi za anthu akufa pansalu yokhuthala kwa zaka khumi ndi zinayi, m'kashopu kawo ku Kumasi, ndipo tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo. Anzawo amawaseka kuti ndi telala wosasoka. Iwo saseka nawo. Amadziwa kuti nsalu ikamadutsa m'makina otentha imafupika mwakachetechete, nkhope ya munthu n'kuphwatalala, ndipo anamfedwa sakhululuka.

Lachitatu kunabwera mayi Konadu, wamasiye wa a Twumasi, atavala zofiira ndi zakuda. Ankafuna nkhope ya amuna awo itulukire kukula kwake kwenikweni. Za masentimita analibe nazo ntchito. Anangotambasula dzanja papepala, nawonjezera zala ziwiri: kuchokera pachibwano mpaka pomwe tsitsi limayambira.

Lachisanu m'mawa, maliro ali mawa lake, chithunzi chinatuluka. Afrakoma anachiyeza. Mpukutu watsopano wa nsalu unafupika kuposa wakale. Nkhope inaperewera chala chathunthu. A Twumasi, munthu wa nkhope yaitali, anaoneka ngati wotupa masaya. Nsalu yotsala inali ya chithunzi chimodzi basi, ndipo ogulitsa anati ina ifika Lolemba.

Anachita mantha zedi. Anawaona kale m'maganizo abale akunyamula chithunzicho pamaso pa khamu, wina n'kufunsa kuti kodi uyu ndani. Anadula kansalu m'mphepete, nasindikizapo mzere wautali wodziwika, nauyeza katatu. Kenaka anatalikitsa chithunzi pakompyuta ndi mlingo umene mzerewo unaperewera, nalowetsa nsalu yomaliza. Makina akulira, iwo sanathe kuyang'ana. Anangoima pakhomo akupemphera chamumtima.

Masana mayi Konadu anafika ndi malume a malemu, nkhalamba yosamwetulira. Afrakoma anavula tepi m'khosi nawapatsa.

“Yezani nokha, mayi.”

Wamasiyeyo sanailandire. Anayandikira, naika chala chachikulu pachibwano cha chithunzi, natambasula dzanja, nawonjezera zala ziwiri. Zinathera pomwe tsitsi linayambira. Dzanjalo linakhala pamenepo nthawi yaitali.

“Malume,” anatero mayi Konadu motsitsa mawu, “umu ndi mmene ndinkawagwirira akamadwala mutu.”

Afrakoma anakhala pampukutu wopanda kanthu.